Chikamwini cha Dokotala Mpingasa

Mu Ufumu wa Tilipobe mfumu inalipo ndithu, Gonani Wachisanu ndi Chiwiri, koma ntchito yake inali kudula maliboni ndi kuwodzera pa zikondwerero. Wolamula weniweni anali Pulezidenti, amene ankasankhidwa zaka zisanu zilizonse. Ufumuwo unali ndi zigawo zisanu ndi ziwiri, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi ndodo yake imodzi. Wopambana m'chigawo ankatenga ndodoyo, ndipo wosonkhanitsa ndodo zinayi ndiye ankakakhala pampando ku likulu, mumzinda wa Kwaodya.

Zigawo zinayi sizinkavutitsa munthu. A ku Sitisintha ndi a ku Ndimomwemo ankavotera Chipani cha Zamakolo ngakhale chitaimika chitsa. A ku Tatopa ndi a ku Zisinthe ankavotera Chipani cha Zatsopano chisankho chilichonse, osasintha ngakhale kamodzi. Mutu unkawawa ndi zigawo zitatu za kuchigwa: Pendapenda, Kaya ndi Tionamawa. Anthu a kumeneko ankalandira nsalu za zipani zonse, kuvina pa misonkhano yonse, n'kukavota mmene adzukira. Chodziwika chinali chimodzi chokha. Zimene zamveka pa msika wa Pendapenda Lachinayi, pofika Loweruka a ku Kaya ndi a ku Tionamawa ankakhala atazimeza.

Esinala Nankhoma anali mwana wa ku Pendapenda, koma ku likulu ndi ochepa ankadziwa zimenezo. Ankangomudziwa ngati mkazi wa Dokotala Sailesi Mpingasa, mtsogoleri wa Chipani cha Zamakolo. Udokotala wa mwamuna wakeyo unali wa miyambo, wochokera ku sukulu ina ya kunja imene palibe anaonapo chitseko chake. Pa msonkhano uliwonse ntchito ya Esinala inali imodzi. Mpingasa akalankhula mpaka kukhosi kuuma, iye ankatulukira ndi chikho cha madzi, kugwada pansanja, n'kupereka ndi manja awiri. Nthungululu zinkasweka. Mpingasa ankamwa pang'ono n'kuloza mkazi wake.

"Mwaona? Dziko likabwerera kwa makolo, nyumba iliyonse idzakhala chonchi!"

Madziwo anali a m'botolo, ochokera mufiriji, ndipo maondo a Esinala anali atada ndi kukhakhala ngati a mbuzi.

Kutatsala miyezi inayi kuti chisankho chichitike, akuluakulu a chipani anakumana pabalaza pa Mpingasa. Esinala ankawathirira tiyi. Mkulu wa kampeni, Zakeyu Matekenya, munthu wamfupi amene ankapukuta magalasi akafuna kunena zoipa, anaimirira ndi pepala m'manja.

"Olemekezeka, ndodo ziwiri tili nazo kale. A Injiniya Nyundo a Zatsopano nawonso ali ndi ziwiri. Zotsalazo zili kuchigwa. Ndiye tinatuma ofufuza kuti akafunse anthu zana limodzi pa msika wa Pendapenda ngati angakuvotereni."

"Ati chiyani?"

"Makumi anayi ati aona. Makumi atatu afunsa ngati nsalu za chaka chino n'zosasuluka. Makumi awiri angoseka."

"Nanga khumi enawo?"

Matekenya anavula magalasi n'kuyamba kupukuta. "Khumiwo afunsa kuti, kodi Mpingasa wake si uja anabwereka mwana wa aNambewe kuti akamuonetse tauni masabata awiri?"

Tiyi anasefukira m'kapu mpaka patebulo. Esinala anapepesa n'kuthamangira kansalu kopukutira. Nkhaniyo inali yoona. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, Mpingasa akadali kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi, anamukwatira ku Pendapenda. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mwamuna amakhala kwa mkazi, amamanga nyumba n'kumalima munda wa apongozi. Akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo, amayamba wapempha chitengwa kwa eni mbumba. Mpingasa anakhala pamudzipo masiku anayi, n'kudandaula za utitiri, n'kupempha masabata awiri aja. Esinala anabwererako kamodzi kokha, pa maliro a bambo ake. Anafika anthu akuchokera kumanda, nakhala ola limodzi galimoto ikulira panja, chifukwa madzulo ake kunali msonkhano wa chipani umene unkafuna chikho cha madzi. Chichokereni tsiku limenelo ankachita manyazi ngakhale kulemba kalata.

Akuluakulu a chipani manyazi sanawaone. Iwo anaona mwayi.

"Ndiye kuti Olemekezeka ndi mkamwini wa ku Pendapenda!" anafuula mlembi wamkulu. "Nanga tikuvutikiranji?"

Pomwepo anagwirizana kuti kuyambira tsikulo Esinala azitchedwa Mwana wa Chigwa, kuti wailesi ya chipani ilengeze kuti Mpingasa amalota Pendapenda kawiri pa sabata, ndi kuti Lachinayi lotsatira onse apite kumeneko. Esinala palibe anamufunsa.

Anafika pa msika ndi galimoto khumi ndi ziwiri, fumbi n'kukwirira kaunjika yense woyalidwa pansi. Ali pansanja ndi chikho chake, Esinala ankayendetsa maso pankhope za anthu. Ena anali atakalamba, ena sankawadziwa n'komwe. Kenaka anaona mkulu wake Dolofe atakhala kuseri kwa milu ya tomato ndi anyezi, atanenepa, mpango uli pambali. Dolofe anamuyang'ana ndithu, koma sanadzuke.

"Anthu a kwathu, apongozi anga, alamu anga!" anayamba Mpingasa. "Dziko lino laola chifukwa tataya miyambo. Ana sagwada. Akazi avala mathalauza. Amuna aiwala udindo wawo. Mukandipatsa ndodo yanu, ndidzabweza mwambo uliwonse umene unatayika, ngakhale umene unagwera m'chitsime!"

Anthu anawomba m'manja monga ankawombera aliyense. Phokoso litatsika, Dolofe anakweza dzanja ali chikhalire.

"Alamu, takulandirani. Funso langa n'laling'ono ngati anyezi wangayu. Miyambo mukubwezayo, muyambira uti?"

"Yonse, mlamu wanga, yonse!"

"Yonse nthawi imodzi mungathyoke msana. Yambani ndi wapafupi. Munda wa amayi wakhala ukudikira khasu lanu zaka makumi awiri ndi zitatu."

Msika unaphulika ndi phwete. Mpingasa anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kutsogolo kunabwera nkhalamba ina yaitali, manja akuda ndi malata. Anali a Binisoni, malume ake a Esinala, mwini mbumba, amene ankasula zidebe ndi mbaula pa msikapo. Phokoso la nyundo linali litawagonthetsa makutu, choncho ankalankhula ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje.

"Akuti abwera kudzalima? Zikomo kwambiri! Malo omanga nyumba alipo, kuseri kwa khola!"

"Ayi bambo, ine ndimati..."

"Akuti ayamba mawa!" a Binisoni anauza msika wonse.

Matekenya anasendera kukhutu kwa bwana wake. "Vomerani, Olemekezeka. Ojambula alipo. Sabata imodzi, matuza awiri, ndodo zitatu."

Mpingasa anakweza manja onse awiri n'kulengeza kuti zimenezi ndi zimene anabwerera.

Esinala sanadikire galimoto. Anatsika pansanja n'kulowa kanjira kodutsa kudambo, nsapato zazitali zili m'manja. Anapeza mayi ake, aNambewe, atakhala pakhonde akusankha nyemba za mbewu m'lichero. Anali atachepa thupi kuposa mmene ankawakumbukirira. Anagwada chapatali, pa dothi lotentha, popanda woimba nthungululu.

"Ndiwe Esinala?"

"Ndine, amayi."

"Masabata awiri aja atha?"

Esinala analira kulira kumene sanalire pa maliro a bambo ake. Mayi ake anamusiya alire mpaka atatopa. Kenaka anakankhira lichero kwa iye.

"Maso anga anatha. Tachotsa zofumbwazi."

M'mawa mwake Dokotala Mpingasa analowa m'munda atavala suti ndi nsapato zonyezimira, ojambula asanu ndi mmodzi ali pambuyo. Dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atapitirira awiri amene Matekenya analonjeza. Koma khasu silinali vuto lalikulu. Mwambo umati mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona panjira, amapatukira kutchire. Miyendo ya aNambewe, imene inali itakana ngakhale ulendo wa kutchalitchi, inachira mwadzidzidzi. Ankayenda m'mawa, masana ndi madzulo, makamaka m'njira za m'mbali mwa chitedze. Ndiponso zinadziwika kuti apongozi si mmodzi. Ang'ono awo a aNambewe, akulu awo, ana a mayi awo aang'ono, onsewo anali apongozi, ndipo atawerengedwa anakwana makumi anayi ndi mmodzi. Mtsogoleri wa Chipani cha Zamakolo ankatha tsiku akudumphira m'tchire ngati gwape.

Lachinayi lotsatira anaitanitsa msonkhano pa msika. Apongozi onse makumi anayi ndi mmodzi anafika molawirira n'kuyala mphasa kutsogolo kwenikweni. Mpingasa atangokoka mpweya kuti ayambe, a Binisoni anaimirira.

"Mkamwini safuula pamaso pa apongozi!"

Mpingasa anaima pansanjapo ola lathunthu, maso ali pansi, osatulutsa liwu. Pomaliza anthu anawomba m'manja mochokera pansi pa mtima. Wogulitsa mbuzi wina anati chibadwire sanamvepo msonkhano wa ndale wopanda bodza ngati umenewo. Ofufuza atafunsanso anthu zana limodzi, makumi atatu anati munthuyo akakhala chete amaoneka wanzeru. Matekenya anasangalala, ndipo sabata imodzi ija anaisandutsa mwezi.

Kwa Esinala mwezi umenewo unali wokoma kuposa zaka zonse za ku likulu. Anafolera nkhokwe ya mayi ake, anakalambula manda a bambo ake, ndipo masiku a msika ankakhala ndi Dolofe akupanga milu ya tomato. Poyamba Dolofe ankamulankhula ngati kasitomala. Tsiku lina anamuona akudya mango madzi akuyenderera m'zigongono, n'kuseka.

"Iwe, kodi ku Kwaodya mango mumadya ndi foloko?"

"Sitidya n'komwe, achemwali. Amati amadetsa zovala."

Kuyambira pamenepo anayambanso kukangana monga ankachitira ali atsikana, ndipo maondo a Esinala anayamba kusalala.

Chimene aliyense sanachiganizire n'chakuti Mpingasa angayambe kuzikonda. Munthu amene wakhala akulalikira chinthu zaka makumi awiri osachilawa, akachilawa amaposa eni ake. Anaitanitsa ku likulu buku lalikulu la masamba mazana asanu ndi limodzi, limene mzungu wina wa mishoni analemba kalekale lofotokoza miyambo ya anthu a kuchigwa. Ataliwerenga anadzidzimuka. Anapeza kuti anthu a ku Pendapenda, amene ankamuseka, iwo eni anali atataya miyambo yoposa theka. Za kukhala chete nazo anazipezera njira. Lamulo linkati safuula pamaso pa apongozi, ndiye anaimika mphasa pamitengo iwiri, n'kukhala kuseri kwake ndi chimkuzamawu. Maso a apongozi sankamuona, koma makutu a chigawo chonse ankamumva.

M'mawa uliwonse ankawerenga tsamba limodzi mudzi wonse ukumva. Tsamba lina linati mkamwini aliyense azikhala ali kumunda tambala asanatsike mumtengo. Akamwini a ku Pendapenda, amene anali atazolowera kuyamba tsiku ndi bawo, anatukwana chamumtima, koma akazi awo anaimba nthungululu. Nthungululuzo zinatha atafika pa mutu wonena za akazi. Mazira anawaletsa. Mathalauza anawaletsa. Ankaima pa mjigo n'kumauza amayi kuti makolo ankatunga ndi mitsuko, ndipo analembera a Binisoni papepala, poti samva, kuti chidebe ndi chinthu chachilendo choononga mtundu. Anauza Dolofe kuti m'buku lonse mulibe tomato. Pa maliro ankafika woyamba n'kuchoka womaliza, akukonza nyimbo za anthu ndi kuwauza kuti akulira molakwika. Loweruka ankapalasa njinga kupita ku Kaya, Lamulungu ku Tionamawa, buku lili pa kaliyala.

Kumunda nako sankapuma. Mvula itagwa anapalira mwakhama n'kuzula nyemba zonse za aNambewe poganiza kuti ndi chisoso. Denga la apongozi, limene linali lisanadonthepo, analisasula n'kulifolera monga mwa chithunzi cha pa tsamba 314. Kuyambira pamenepo aNambewe ankakhala m'nyumba mwawo atafunyulula ambulera.

Abale anakumana pansi pa mtengo wa mango pamene mkamwini anali ku Kaya.

"Atsibweni, muthamangitseni munthuyu," anatero Dolofe mofuula kuti a Binisoni amve.

"Ndimuthamangitse ndi mlandu wanji? Mkamwini amathamangitsidwa akakhala waulesi, wankhanza kapena wachimasomaso. Uyu ulesi alibe. Kalanga ine, akanakhala nawo!"

"Ndiye ndinu munayambitsa, achemwali," Esinala anakumbutsa mkulu wake.

"Ndinkafuna achite manyazi, osati akhazikike. Iwe ungomukana basi. Mkazi akakana, mwamuna amanyamula mphasa yake."

Onse anayang'ana Esinala. Iye anayang'ana pansi. Kumukana kunali kosavuta kunena. Koma Mpingasa anali bambo wa mwana wake, Lusiya, ndipo miyezi imeneyi anali ataona zimene sanaonepo. Anaona mwamuna wake akuthokoza pa mbale ya therere. Anamuona akutsuka yekha matuza osaitana munthu. Anali wosokoneza, inde, koma kwa nthawi yoyamba sankanama.

"Ndipatseni masiku," anatero.

Tsiku lotsatira anamutengera thobwa kumunda. Anamupeza atakhala pachulu, malaya atang'ambika paphewa, akuyang'ana mizere yake yokhotakhota ngati munthu woyang'ana ana ake.

"Nankhoma," anatero Mpingasa, "ndapeza kwathu. Waona mmene anthuwa amakhalira chete ndikamawerenga? Ku likulu ankandiwombera m'manja, koma kuno amandimvera."

"Bambo a Lusiya, nthawi zina munthu amakhala chete chifukwa akuwerenga masiku."

"Eya, a chisankho! Nawonso akudikira."

Esinala anamupatsa thobwa lija.

Kutatsala masabata awiri, Matekenya anafika pa benchi ya tomato atagwira magalasi m'manja. Anali atawapukuta mpaka galasi limodzi kuguluka. Anadikira kuti Dolofe apite kukasintha ndalama, n'kukhala pa dengu lovundikira.

"Mayi, taluza. Mwa anthu zana limodzi atsala asanu ndi atatu, ndipo asanu mwa iwo ndi ogontha. A Nyundo angolonjeza mlatho pamalo popanda mtsinje, koma chigwa chonse chikuthamangira kwa iwo. Sakuwakonda ayi. Akungofuna kulanga Olemekezeka. Ndawapempha kuti abwerere ku likulu, akana. Ndawapempha abise bukulo, akuti ndine mdani wa makolo. Inu ndinu mwana wa kuno. Tichite chiyani?"

Aka kanali koyamba kuti munthu wa chipani amufunse maganizo. Esinala anatenga tomato mmodzi, namutembenuza, namuika pamwamba pa mulu. Anaganiza za ambulera ya mayi ake. Anaganiza za mwamuna wake, amene akaluza sadzakhalanso ndi kanthu koma buku lija. Anaganizanso za iye mwini.

"A Matekenya, pa msonkhano womaliza auzeni alonjeze chinthu chimodzi. Anene kuti akaluza, ku likulu sadzabwererako. Adzakhala kuno kuchigwa mpaka imfa."

Nkhope ya Matekenya inawala. "Chikondi chosafuna mphotho! Mayi, anthu adzalira."

"Adzaliradi," anatero Esinala.

Lachinayi lomaliza msika unadzaza, poti kunamveka kuti kugawidwa nsalu. Mpingasa anakhala kuseri kwa mphasa yake, ndipo mawu ake anali odzaza ndi chikondi chenicheni.

"Abale anga, ena amabwera kuno kudzafuna mavoti, akaluza osaonekanso. Ine si wotero. Ndikulumbira pamaso pa mizimu ya makolo: mukapanda kundisankha, sindikwiya. Ku Kwaodya sindidzapondakonso. Ndidzakhala nanu konkuno mpaka tsiku la imfa yanga. Bukuli tangofika pa tsamba 90. Tidzalimaliza limodzi, kenaka tidzaliyambanso!"

Pa msika ponse palibe anawomba m'manja. Mayi wina amene ankayeza ufa anasiya mbale ili m'malere. A Binisoni, kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi, anamva mawu onse popanda wowabwerezera.

Msonkhano utatha anthu sanabalalike. Anaima timagulu, akulankhula motsitsa.

"Kodi ali ndi zaka zingati?" anafunsa wogulitsa mbuzi uja.

"Makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu."

"Kwawo amafa msanga?"

"Agogo ake akuti anapitirira zana, akuyendabe okha."

"Nanga akapambana?"

"Akapambana ndiye kuti zaka zisanu ali ku likulu. Mwinanso khumi."

"Koma ndiye adzalamula dziko lonse ndi buku lomwelo."

"Dziko ndi lalikulu, achimwene. Akaligawira onse, ife chidzatifika n'chochepa. Komanso munaonapo Pulezidenti wokumbukira zimene analonjeza?"

Pofika Loweruka nkhani inali itafika ku Kaya ndi ku Tionamawa. Akamwini a m'chigwa chonse anasiya bawo n'kuyenda khomo ndi khomo, osalipidwa, akukopera anthu Dokotala Mpingasa. Amayi a pa mjigo anapeka nyimbo zomutamanda. Tsiku la chisankho mizere inayamba dzuwa lisanatuluke. Odwala anabwera nawo pangolo. ANambewe anayenda okha mpaka ku sukulu kumene kunali kuvotera, ambulera ili m'manja. Ngakhale woimira a Nyundo pa malo ovotera a pa msika anaoneka akutuluka m'kachipinda akupukuta misozi, n'kunena kuti chipani ndi chipani koma iyenso ndi mkamwini.

Potuluka, Dolofe anagunda mng'ono wake ndi chigongono. "Iwe wavotera ndani?"

"Mwamuna wanga, achemwali. Ndine mkazi wamwambo."

Mpingasa anatenga ndodo zonse zitatu za kuchigwa, ndi mavoti ochuluka kuposa amene munthu wina aliyense anapezapo m'mbiri ya Tilipobe. Ku likulu anthu ophunzira anakhala pa wailesi masiku atatu akufotokoza chimene chachitika. Ena anati chigwa chabwerera ku mizu yake. Ena anati anthu akumudzi ali ndi ludzu la mwambo limene a m'tauni salimvetsa. Matekenya anagula magalasi atsopano n'kuyamba kulemba buku la mmene anapambanitsira chisankho. Mfumu Gonani anaidzutsa kuti ikonzeke kupereka ndodo.

Tsiku lonyamuka, chigwa chonse chinabwera kudzaperekeza mkamwini. Mpingasa analira poyera, nanena kuti mtima wake ukukana kuchoka, mwina akhaleko sabata ina. Asanamalize, amuna asanu ndi mmodzi anamunyamula pamapewa ndi nyimbo, namulowetsa m'galimoto, natseka chitseko. Wina anathamanga kukatenga buku lija n'kuliponya kumbuyo. Mpingasa anatsitsa galasi.

"Nankhoma, lowa tizipita."

A Binisoni anaima pakati pa Esinala ndi galimoto. "Chitengwa sichinapemphedwe!"

"Ndikupempha tsopano, bambo!" anafuula Pulezidenti wosankhidwa.

"Akuti chiyani?" a Binisoni anafunsa anthu, dzanja lili kukhutu. Panalibe amene anawabwerezera.

Esinala anafika pawindo n'kugwira dzanja la mwamuna wake. Linali lokhakhala, lodzaza zipsera za khasu, ndipo anadabwa kuti akumumvera chisoni.

"Tsogolani, bambo a Lusiya. Dziko likukudikirani. Ine ndiyambe ndakonza denga la amayi."

Ng'oma zinaperekeza galimotozo mpaka pa malire a chigawo, ndipo anthu ena anatsalira pamenepo mpaka madzulo kuonetsetsa kuti sizikubwerera.

Ku likulu Mpingasa analumbira, nalowa m'nyumba yachifumu ya Pulezidenti, nagona pa matiresi. Patatha sabata matuza anapola, ndipo chikondi cha munda chinapolera limodzi. Chimene sichinapole ndi manyazi okhala Pulezidenti wa Zamakolo wopanda mkazi pambali. Anatuma ankhoswe kawiri ndi galimoto za boma kukapempha chitengwa. Maulendo onse awiri a Binisoni anawalandira bwino, nawagulitsa zidebe, koma nkhani imene anabwerera sanaimve.

Lachinayi lina, msika uli pakati, wailesi ya wometa tsitsi inasiya nyimbo n'kulengeza kuti pali uthenga wapadera. Linali Lamulo Loyamba la boma latsopano. Wolengeza anawerenga kuti Pulezidenti Dokotala Sailesi Mpingasa, ataunika mozama, wapeza kuti chikamwini ndi mchitidwe wachikale wobwezera chitukuko m'mbuyo ndi wonyozetsa amuna. Choncho chathetsedwa mu Ufumu wonse wa Tilipobe, ndipo mkazi aliyense wokwatiwa atsate mwamuna wake kumene ali. Wolengezayo anaonjezera kuti Chipani cha Zatsopano chatsutsa lamuloli mwamphamvu, ndipo a Injiniya Nyundo aitanitsa zionetsero zoteteza miyambo ya makolo.

Anthu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka aliyense anabwerera ku malonda ake. Wogulitsa mbuzi anafunsa ngati a Zatsopano abweretse nsalu pa zionetserozo. A Binisoni anapitiriza kukhoma chidebe.

Dolofe anayang'ana mng'ono wake, ndipo ulendo uno pankhope pake panalibe nthabwala.

"Wamva, Esinala? Lamulo la dziko lonse, koma alembera iwe wekha. Upita?"

Esinala anali akupatsa mayi wina tomato. Anamuikira mmodzi wa basera, namanga jumbo, nadikira kuti achoke. Kenaka anapukuta manja pachitenje.

"Ndalimva bwinobwino, achemwali. Likuti mkazi atsate mwamuna wake, ndipo ine lamulo sindiphwanya." Anakokera dengu lina pafupi n'kuyamba kupanga mulu watsopano. "Koma silinanene tsiku."